Mlendo akapita, raba ya mjigo adzagula ndani?

Mukatsata msewu wa ku Lundazi kapena wa ku Chadiza kuchokera mu Chipata, simuyenda mtunda wautali musanaone chikwangwani cha pulojekiti. Zina utoto unasuluka kalekale, zina zikadali zowala. Pamakhala dzina la bungwe, mbendera ya dziko lomwe linapereka ndalama, ndiye m'munsi chaka choyambira ndi chaka chothera. Pafupifupi mabungwe onsewa amanena chimodzimodzi, kuti cholinga chawo n'choti anthu adzidalire, ndipo ambiri mwa iwo sanama. Kungoti kudzidalira sikuoneka tsiku la mwambo wotsegulira, amfumu atakhala pampando wakutsogolo ndi kwaya ikuimba. Kumaoneka patapita zaka, galimoto yoyera ija itasiya kubwera, kachinthu kakang'ono katawonongeka, pakufunika munthu wopisa m'thumba mwake.

Kuti timvetse chifukwa chake ntchito zina zimakhala pomwe zina zimafa, tiyambe ndi komwe ndalama zimachokera, chifukwa khalidwe la pulojekiti limaumbidwa kumeneko isanafike n'komwe kuno. Bungwe la Oxfam, lomwe linayamba ku Britain mu 1942, lili ndi masitolo mazanamazana ogulitsa zovala ndi mabuku zimene anthu apereka ulere, ndipo ambiri ogulitsa m'masitolomo salandira malipiro. Ena ndi agogo opuma pantchito amene amapatula masiku awiri pa sabata. Kwina ndi mpingo umene umayendetsa mbale yapadera Lamlungu, kwina ndi mnyamata amene wathamanga mpikisano wa London Marathon anzake atalonjeza kusonkha akamaliza. Amenewa ndi odzipereka amene sitidzawaona nkhope, ndipo ine sindikonda kumva anthu akuwanyoza. Ambiri mwa iwo si olemera.

Komabe wopereka ndi munthu, amafuna kuona chimene ndalama yake yachita. Mjigo watsopano umajambulika bwino, madzi akukhuthuka, ana akuseka. Girisi wopaka tcheni cha mjigo womwewo palibe angamuike pa kalendala. Motero ndalama zambiri zimafika zili zomangidwa ku ntchito imodzi: zoperekedwa kuti zikumbire mjigo sizingagule petulo wa munthu wokayendera mijigo yakale. Ndalama za maboma akunja nazo zimabwera ndi nthawi yake, kawirikawiri zaka 3 mpaka 5, ndipo lipoti limawerenga zimene zachitika m'zaka zimenezo, mijigo ingati yakumbidwa, alimi angati aphunzitsidwa, mbuzi zingati zagawidwa. Woti adzabwere chaka cha 8 kudzawerenga mbuzi zotsala palibe amene amamulipira. Nkhanza palibepo apa, ndi mmene dongosololi linapangidwira. Koma zotsatira zake n'zakuti ndalama zoyambitsira chinthu zimapezeka msanga, pomwe zochiyendetsera chaka ndi chaka zimasowa mwini.

Alendo obwera kudzagwira ntchito pakati pathu si nkhani yatsopano kuno kum'mawa kwa Zambia. A Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, a Seventh-day Adventist anayamba ntchito ya chipatala ku Mwami mu 1927, ndipo St Francis ku Katete inatsegulidwa mu 1948. Mpaka lero madokotala ochokera ku Ulaya amabwera ku Katete kudzathandiza. Pambuyo pa amishoni panabwera mabungwe otumiza mavolontiya: VSO ya ku Britain inayamba mu 1958, Peace Corps ya ku America inakhazikitsidwa ndi John F. Kennedy mu 1961 n'kufika ku Zambia mu 1994, ndipo a ku Japan, amene lero ali pansi pa JICA, bungwe la boma lawo lothandiza maiko ena, anayamba kubwera mu 1970. A Peace Corps ndiwo ambiri kumudzi amawadziwa. Amayamba aphunzira chilankhulo kwa miyezi ngati itatu, kenako amakhala pamudzi zaka ziwiri, m'nyumba imene eni mudzi akonza, akuyenda pa njinga, akudya nsima ya chiwawa ngati wina aliyense. Chimene chimadabwitsa anthu poyamba n'chakuti mzunguyo alibe ndalama zogawa.

Akuluakulu anatisiyira mawu awiri okhudza mlendo, ndipo onse amagwira ntchito pano. Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, amatinso mlendo ndi mame. Volontiya wanzeru amadziwa kuti iye ndi mame, choncho kuyambira tsiku loyamba amafunafuna mnzake wa pamudzi woti kalumoko adzamusiyire. Chitsanzo ndi madamu a nsomba amene a Peace Corps akhala akulimbikitsa. Damu limakumbidwa ndi makasu a eni ake, nsomba zimadya gaga ndi masamba, manyowa a nkhuku ndi mbuzi amabiriwitsa madzi. Palibe chochokera kutsidya kwa nyanja. Mlimi akadziwa kusunga mbewu ya nsomba, kapena komwe angaigule, mlendo akhoza kukwera ndege damu n'kutsala lamoyo. Zinayesedwa mwadzidzidzi mu Marichi 2020, pomwe Peace Corps inabweza mavolontiya ake onse pa dziko lapansi chifukwa cha COVID-19. Anabwereranso ku Zambia mu Marichi 2022, ndipo zaka ziwiri zimenezo zinali mayeso amene palibe anawakonzekera.

Palinso alendo a masabata awiri, obwera m'magulu nthawi ya tchuthi kudzapenta kalasi kapena kuumba njerwa. Mtima wawo ndi wabwino, koma tikiti ya ndege ya mmodzi yekha ikanalipira mmisiri wa ku Kapata miyezi yambiri, ndipo khoma lake likanaongoka. Phindu lenileni la ulendo wotere limadza pambuyo, ngati mlendoyo akabwerera kwawo n'kukhala wosonkha ndalama kwa zaka zambiri. Kumene ndimakana ndithu ndi ku nyumba za ana amasiye. Mwana amazolowera nkhope, nkhopeyo n'kupita, kubwera ina, n'kupitanso. Kafukufuku m'maiko angapo waonetsa kuti ana ambiri okhala m'nyumba zotere ali ndi kholo lamoyo, anapita kumeneko chifukwa cha umphawi. Dziko la Australia linafika povomereza mu 2018 kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba zoterezi pofuna kukopa ndalama za alendo ndi mtundu wa ukapolo. Kwathu kuno mwana wamasiye ali ndi amalume ndi agogo, ndipo ndalama yothandiza banja limenelo imapita patali kuposa yomangira mpanda.

Tsopano tibwere ku mjigo, chifukwa nkhani yonseyi imaoneka bwino pamenepo.

Chaka china mu Okutobala ndinali kumudzi kwa amai anga aang'ono, chakumpoto kwa Katete, mjigo utafa. Ukapopa chogwirira chinkangopepuka, madzi osakwera. Azimai anali atabwerera ku zitsime za kudambo, kulawira nkhuku zisanalire kuti akapeze madzi asanavunduke. Patapita masabata atatu wokonza anafika pa njinga, chikwama cha masipanala atamangirira pa keliyala. Pampu yake inali India Mark II, imene ili ponseponse m'Zambia. Kuti ufike pa silinda pansi uyenera kutulutsa mapaipi onse achitsulo, lililonse lotalika mamita 3, limodzilimodzi. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula, wokonza akumanga chopanira, kumasula, kuika pambali, kunyamulanso. Aliyense anali chete, poti dzanja likaterereka mapaipi onse amagwera m'dzenje, ndiye kuwavuula ndi ntchito ina. Silinda itatuluka anaimasula n'kutionetsa: timaraba tiwiri tozungulira, tokwana pachikhatho, totha ngati chidendene cha patapata. Mtengo wake sukanafika pa wa nkhuku imodzi.

Wokonzayo anatembenukira kwa msungichuma wa komiti. "Amai, m'bokosi muli zingati?"

"Atate, musandifunse ine. Funsani amene sanasonkhe, ndi awa aimirira apa."

Anthu anaseka, koma kuseka kwa manyazi. Mjigo umene unadya ndalama zambirimbiri pokumba unakhala masabata atatu osatulutsa madzi chifukwa cha raba. Ndipo mudzi umenewu suli wokha. Kafukufuku wosiyanasiyana wa mijigo ya kum'mwera kwa Sahara wapeza kuti pa mijigo 100 iliyonse, yoposa 20 imapezeka yakufa nthawi ina iliyonse, ndipo ena anawerenga mpaka 36.

N'chifukwa chiyani bokosi limakhala lopanda kanthu? Yankho lachidule limene amakonda a m'maofesi ndi lakuti anthu akumudzi anazolowera zaulere. Ine ndikuona kuti nkhani ndi yotalikirapo. Ndalama kumudzi imabwera pokolola, Meyi mpaka Julayi, pomwe mjigo umakonda kufa mu Okutobala, madzi atatsika ndipo midzi yoyandikana ikutunga pomwepo. Kusonkha pamene madzi akutuluka bwino kumaoneka ngati kulipira mphepo. Ndalama zikakhala kwa msungichuma miyezi isanu ndi umodzi, pamagwa maliro, wina amabwereka, kubweza kumavuta, ndiye chaka chamawa aliyense amati ndisonkherenji. Mverani ndi dzina limene anthu amautchula mjigowo. Nthawi zambiri ndi dzina la bungwe lomwe linaukumba, ndipo chinthu cha mwini chikawonongeka umadikira mwini. Onjezerani andale amene amatulukira chaka cha zisankho n'kukonza ulere, muona kuti kudikira nthawi zina kumalipira.

Boma linayesa kutseka mipata imeneyi. Mudzi uliwonse uyenera kukhala ndi komiti ya V-WASHE yosonkhetsa ndalama, dera lililonse likhale ndi wokonza wophunzitsidwa, ndipo kuyambira 2005 pulogalamu ya SOMAP, mothandizidwa ndi JICA, inayamba kukhazikitsa masitolo a zipangizo za mijigo m'maboma. Mfundo yake ndi yolondola: kuphunzitsa wokonza n'kopanda phindu ngati raba ikupezeka ku Lusaka kokha. Mtundu wa pampu nawo uli ndi mbali yake. Kutsidya kwa Mchinji anasankha Afridev, imene raba yake imatuluka pokoka ndodo zokha, mapaipi apulasitiki osakhudzidwa, moti anthu awiri kapena atatu amakwanitsa. India Mark II ndi yolimba, koma kumene madzi ali ndi asidi mapaipi ake amachita dzimbiri, madzi n'kumatuluka ofiira, nsima n'kusintha mtundu. Kusintha mapaipi onse si ndalama yoti mudzi ungasonkhe. Apa ndi pamene mawu akuti kudzidalira amafunika kuwadula pakati: raba ndi girisi ndi za mudzi, mapaipi ndi kukumbanso ndi za khonsolo. Bungwe limene limachoka lisanalongosole malire amenewa limasiya mkangano.

Nzeru zina zochokera kunja zinangolephera poyera. PlayPump inali pampu yomangidwa ku chozungulira chosewererapo ana, akuti ana akamasewera madzi azikwera m'thanki. Mu 2006 inalonjezedwa madola oposa 16 miliyoni ndipo inafika m'maiko angapo a kuno kum'mwera. Ana amatopa, madzi amafunika m'mawa iwo ali kusukulu, ndiye azimai ndi agogo ndiwo ankakankha chozunguliracho. Ikafa, wokonza wapafupi analibe zipangizo zake.

Chinthu chimene ndaona chikukhala mabungwe atachoka ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene kuno ambiri amati village banking ndipo a ku Malawi amati banki m'khonde. Chilimba, chosonkherana ndalama mosinthana, tinali nacho kale, koma njira yatsopanoyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo a Catholic Relief Services ali ndi yawo yotchedwa SILC, imene inafala ku Chipata ndi Lundazi kudzera m'pulojekiti ya Mawa. Anthu 15 mpaka 30 amasankhana okha. Pa msonkhano uliwonse munthu amaponya monga wathera, zimalembedwa onse akuona, ndipo wofuna ngongole amatenga mpaka kuwirikiza katatu zimene wasunga, n'kubweza ndi chiwongoladzanja chimene gulu lagwirizana, kawirikawiri 10 peresenti pa mwezi. Pambali pamakhala kathumba ka mavuto, ka matenda ndi maliro. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa wachinayi. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 amagawana zonse n'kuyambiranso.

Chinsinsi chake n'chakuti bungwe siliikamo ngwee ngakhale imodzi. Ndalama ya mzungu munthu akhoza kuidya tulo n'kubwera, koma ya apongozi ake amene amakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi amabweza. A SILC anapita patsogolo: mlangizi amene amaphunzitsa magulu amalipidwa ndi pulojekiti poyamba, kenako amayesedwa, n'kupatsidwa satifiketi, ndipo kuyambira pamenepo magulu omwewo ndiwo amamulipira. Njira yochokera inakonzedwa asanalowe. Midzi ina inatulukiranso nzeru yoika ndalama za mjigo m'gulu lotere, kuti zizizungulira n'kumaswana m'malo mogona pansi pa mphasa ya msungichuma.

Zofooka zilipo. Onse amafuna ngongole nthawi imodzi, mu Novembala pogula feteleza. Ndipo mavuto akagwera onse pamodzi bokosi silingawanyamule. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitapserera. Chaka chotero wobwereka ndi wobwereketsa amakhala ndi nkhokwe yofanana.

Nkhani ya ziweto ndi yosakanikira. Dan West, wa ku America, ankagawa mkaka kwa ana pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Spain, ndipo anaona kuti mkaka wogawa sudzakwana, bola kupereka ng'ombe. Mu 1944 anayambitsa bungwe limene lero ndi Heifer International, ndi lamulo lakuti wolandira chiweto apereke mwana woyamba wamkazi kwa banja lina. Kupatsirana kotereku mabungwe ambiri anakutengera, ndipo ndi mbuzi zathu zachikuda kumayenda ndithu, makamaka anyakwawa akamatsatira mndandanda. Ng'ombe za mkaka zachizungu ndi nkhani ina. Zimafuna dipi, msipu wodulira, dokotala wa ziweto ndi kogulitsa mkaka usanasase, ndipo kuno nkhupakupa zimabweretsa chigodola. Kupatsa banja losauka ng'ombe yotere popanda zonsezi ndi kulipatsa ngongole ya miyendo inayi. Mu 2015 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa mabanja oposa 10,000 m'maiko 6, woyesa njira ya bungwe la BRAC la ku Bangladesh: kupereka chiweto kapena mpamba, pamodzi ndi kandalama ka chakudya kuti asagulitse chiwetocho, maphunziro, kusunga ndalama ndi kuyenderedwa pafupipafupi. M'maiko 5 phindu linaposa ndalama zolowa. Kumene zinakanika ndi ku Honduras, komwe nkhuku zambiri zimene anagawa zinafa ndi matenda. Aliyense amene anaonapo chitopa chikusesa khola amvetsa.

Pali chikhulupiriro chakuti kupatsa munthu ndalama m'manja kumamuchititsa ulesi, choncho bola kumuphunzitsa. Zambia yomwe ino inapereka umboni wotsutsa. Social Cash Transfer inayamba moyesera ku Kalomo mu 2003, inafika ku Chipata mu 2006 ndi ku Katete mu 2007, komwe ankapereka kwa okalamba. Ofufuza atatsatira mabanja olandira m'maboma ena kwa zaka zingapo, anapeza kuti pa K1 iliyonse yolandira, banja linkagwiritsa ntchito pafupifupi K1.67, kutanthauza kuti ndalamayo inkaswa, kudzera m'mbewu, ziweto ndi timabizinesi. Mlimi wa ku Vubwi safunika wekishopu yomuuza kagwiridwe ka khasu. Chimene amasowa kawirikawiri ndi mpamba pa nthawi yake, ndi womugula pa mtengo wabwino.

Za wogulayo ndi zimene bungwe la COMACO linagwira. Woliyambitsa, Dale Lewis, amene anakhala zaka zambiri m'chigwa cha Luangwa, anaona kuti munthu wotchera misampha sasiya chifukwa chomulalikira, amasiya akapeza china chodyetsa ana. Kuyambira 2003 bungweli limaphunzitsa ulimi wosamalira nthaka, limalandira mfuti ndi mawaya kwa osiya kupha nyama, ndipo chachikulu, limagula mtedza, soya, mpunga ndi uchi, n'kuzikonza n'kuzigulitsa m'masitolo ndi dzina la It's Wild!, ndipo fakitale yake ili mu Chipata momwe muno. Nalonso limalandirabe thandizo lakunja, sitingabise, koma chimene chimamanga mlimi ku ntchitoyi ndi sikelo ndi ndalama, osati tisheti. World Bicycle Relief nayo inaphunzira zofanana. Inayamba ndi kugawa njinga, kenako inaphunzitsa okonza n'kutsegula masitolo a zipangizo. Ife a ku Chipata, kumene kale kunkapangidwa njinga za Eagle ndipo mpaka lero njinga imanyamula munthu, makala ndi nkhumba, sitifunika kuuzidwa kuti njinga yopanda sipeya ndi chitsulo chabe.

Ngakhale nzeru yabwino ikhoza kukhumudwa pa chinthu chimene mlendo sangachione. Ku Msekera, pafupi ndi tauni ya Chipata, akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anayesa kwa zaka zambiri mitengo yobwezera chonde m'nthaka, monga jerejere ndi gilirisidiya, ndipo zokolola zinakweradi. Koma pamudzi, mukatha kukolola ng'ombe ndi mbuzi zimamasulidwa kuti zidye paliponse, anyamata osaka mbewa amatentha tchire, timitengo tija n'kutha. Zinafunika kuti mafumu aakulu, a Mpezeni ndi a Gawa Undi, aikepo malamulo a moto ndi kadyetsedwe ka ziweto. Katswiri amadziwa mtengo, koma za amene mbuzi zake zikhoza kulipiritsidwa ndi amene sangakhudzidwe, zimenezo amadziwa anyakwawa.

Chaka cha 2025 chinationetsa malire a nkhani yonseyi. Pa 20 Januwale Pulezidenti Donald Trump anaimitsa thandizo lakunja la America, ndipo pofika Julayi bungwe la USAID, lomwe linkayendetsa thandizolo, linali litatsekedwa. Mu Meyi kazembe wa America ku Lusaka, Michael Gonzales, analengezanso kuti akudula madola 50 miliyoni pa chaka a mankhwala chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa ulere. Alangizi ndi otsatira odwala ambiri amene ankalipidwa ndi mapulojekiti anangouzidwa kuti akhale kunyumba. Anthu oposa 1 miliyoni m'dziko muno amamwa ma ARV, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi yakhala ikudalira PEPFAR, pulogalamu ya America yolimbana ndi Edzi imene George W. Bush anayambitsa mu 2003. Palibe bokosi la maloko atatu limene lingagule ma ARV. Palibe komiti ya mudzi imene ingalipire namwino. Kudzidalira pa zinthu zimenezi ndi kwa dziko, kudzera m'misonkho ndi bajeti, ndipo kuuza mudzi kuti udzidalire pamenepa ndi kuutula katundu wa boma. Dambisa Moyo, mwana wa dziko lino, analemba mu 2009 m'buku lake Dead Aid kuti thandizo lopita ku maboma chaka ndi chaka limawagonetsa tulo. Ambiri amamutchula ngati ankadana ndi thandizo lililonse, pomwe iye ankanena makamaka za ndalama zopita ku maboma, osati za mpingo wothandiza mudzi kapena chakudya cha pa njala.

Ndasunga kumapeto odzipereka amene ndi ochuluka kuposa onse, koma sakhala pa chikwangwani. Ndi amai a SMAG, magulu oona za uchembere wabwino, amene amaperekeza wapakati kuchipatala usiku, abambo a komiti ya zaumoyo amene amayeza ana kusikelo pansi pa mtengo, mlimi wotsogolera amene munda wake ndi kalasi, mphunzitsi wa sukulu ya komyuniti amene malipiro ake ndi tini ya chimanga. Volontiya wakunja amapatsidwa ndalama ya chakudya, inshuwalansi ndi tikiti yobwerera, ndipo ndi bwino kuti zitero. Wa pamudzi amapatsidwa tisheti, mwina njinga, ndi ka transport tsiku la wekishopu. Mapulojekiti ambiri amene amalembedwa kuti ndi otsika mtengo amatsika chifukwa anthu amenewa akugwira ntchito ulere, nthawi imene akanakhala akupalira. Ndiye alawansi inabwera n'kusokoneza zonse: bungwe ili limapereka, ilo silipereka, anthu n'kuyamba kusankha msonkhano poyang'ana envulopu. Timawanena kuti ndi adyera, koma munthu amene wasiya munda wake tsiku lonse mu Disembala wataya chinthu chenicheni. Kumene ntchito ndi ya maola ochepa pa mwezi ndipo phindu lake mwini akuliona, monga m'gulu losunga ndalama, kudzipereka kumakhalitsa. Kumene ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, imeneyo ndi ntchito, ndipo wina ayenera kulipira.

Kuyambira 2022 pali khomo lina loti midzi igogode. Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zakhala zikukwerabe. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi. Nazonso zimakonda zomanga zatsopano kuposa zokonza zakale, poti kansala nayenso ndi munthu wofuna chojambulika, koma kusiyana kwake n'kwakuti kansalayo mumakumana naye pamaliro ndipo mukhoza kumufunsa.

Kumudzi kuja raba inagulidwa tsiku lomwelo. Anyakwawa anavula chipewa n'kuchiyendetsa, ena anaponya makobidi, mai wina anabweretsa mbale ya mtedza kuti igulitsidwe. Wokonza anali ndi timaraba tatsopano m'chikwama, ndipo dzuwa lisanalowe madzi anatuluka, oyamba ofiira, kenako oyera. Pomanga masipanala ake anaitana anyakwawa pambali n'kuwaonetsa mapaipi awiri amene anawasiya pansi pa mtengo wa mango, mazinga ake atadyeka ndi dzimbiri moti chala chinkalowa. Anati wafupikitsa mzere wa mapaipi kuti madzi atuluke lero, koma silinda tsopano ili pamwamba, ndipo madzi akadzatsikanso chaka chamawa idzayamwa mpweya. Anyakwawa anafunsa mtengo wa mapaipi atsopano osachita dzimbiri. Atamva anakhala kaye chete, kenako anatuma mdzukulu wawo kuti akang'ambe pepala pakati pa kope lake la sukulu, alembe kalata yopita kwa kansala.